Feteleza wa Ngongole ndi Fodya wa Akuluakulu

Mu 1968, patangopita zaka zinayi chilandirire ufulu wodzilamulira, boma la Malawi linabwereka madola 6 miliyoni ku Banki Yaikulu pa Dziko Lonse kuti litukule ulimi m'midzi ya kumadzulo kwa Lilongwe. Ntchitoyo inatchedwa Lilongwe Land Development Programme. Inayenda m'magawo atatu, ndipo pomwe gawo lomaliza linkatha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, inali itakuta maekala opitirira 1 miliyoni momwe munkakhala mabanja pafupifupi 100,000. Mbiri yake inamveka kutali. Akatswiri a zachitukuko ankabwera kudzaiona, ndipo Uma Lele, katswiri wa zachuma wa ku banki ija, anaiika m'gulu la ntchito zomwe anazisanthula m'buku lake la 1975 lotchedwa The Design of Rural Development.

Zoti alendo aone zinalipo ndithu. Misewu yadothi inalambulidwa mpaka m'midzi momwe kale munkangofika njinga. Mijigo inakumbidwa yambirimbiri, pamodzi ndi ngalande zopatutsa madzi a mvula kuti nthaka isakokoloke. Dera lonse linagawidwa m'mayuniti, ndipo pa likulu la yuniti panamangidwa msika, nyumba za alangizi ndi mosungira feteleza. Ku Dzalanyama kunatsegulidwa famu yaikulu ya ng'ombe, komwe alimi ankatengako ng'ombe pa ngongole kuti akazinenepetse m'khola. Zimenezi si zoti munthu n'kuzipeputsa. Kwa mayi amene ankatunga madzi a m'dambo momwe mumamweranso ziweto, mjigo unali chinthu chachikulu, ndipo misewu ina ya nthawi imeneyo anthu akuyendamo mpaka lero.

Komatu m'mapepala a ntchitoyi mlimi wa m'mudzi anali munthu mmodzi, wa munda wofanana ndi wa mnzake, wosowa zinthu zofanana: mbewu yabwino, feteleza, malangizo ndi msika. Aliyense wokulira m'mudzi akudziwa kuti sizili choncho. Mudzi umodzi womwewo umakhala ndi bambo wa maekala khumi, ngolo ndi ng'ombe zapagoli, komanso mayi wa ekala imodzi amene pofika Januwale amakapalira m'munda mwa bamboyo kuti ana ake adye, munda wake womwe uli thengo. Thandizo likafika pa mudzi wotere silimagwa mofanana ngati mvula. Limatsata njira zomwe zilipo kale, ndipo ku Lilongwe njirazo zinali zitalambulidwa zaka 40 m'mbuyomo.

Cha m'ma 1920 azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, anayamba kugawa mbewu ya fodya wa chikopa kwa anthu a m'midzi ya ku Lilongwe n'kumawagula fodyayo. Ulimiwo unafala msanga moti mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board kuti izilembetsa alimi ndi kuyang'anira misika, ndipo m'kupita kwa nthawi bungwelo linasanduka wogula yekhayo wa fodya wa m'midzi. Chizolowezi chinayambira pamenepo: wa m'mudzi alime, koma wogula ndi mtengo asankhe ndi boma. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, makamaka njala ya 1949 itadutsa, kunabwera malimidwe. Anthu ankakakamizidwa kugalauza mizere yopingasa, kukumba milambala ndi kuzula mapesi pa tsiku loikidwa ndi boma. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa, ena ankamangidwa kumene. Pambali pa chikwapucho atsamunda anaika nyambo. Mlimi amene wasonkhanitsa minda yake pamodzi, kuchita kasinthasintha wa mbewu ndi kumvera zonse za mlangizi ankalembedwa kukhala Master Farmer n'kumalandira kabonasi. Cholinga chinali chandale kuposa chaulimi: kulenga kagulu ka alimi opeza bwino amene adzaime ndi boma. Katswiri wa mbiri Owen Kalinga anafufuza nkhaniyi ndipo anapeza kuti maganizowo analephera. Alimi oterowo anali ochepa kwambiri, ndipo anzawo ankawasala powaona ngati anthu a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland.

Chipani cha Nyasaland African Congress chinakopa anthu a m'midzi podana ndi malimidwe, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda atabwerera kumudzi mu 1958 anaimba ng'oma yomweyo. Atatenga boma, chikakamizo cha malimidwe chinatha, koma maganizo otsamira pa mlimi wosankhika sanathe. Anangosintha dzina. Tsopano kunali achikumbe, alimi achitsanzo olandira satifiketi ndi ulemu, ndipo Mchikumbe Nambala Wani anali Kamuzu mwini wake, amene kwa zaka zambiri anasunga yekha unduna wa zamalimidwe ndipo chaka ndi chaka ankazungulira dziko kuyendera mbewu. Tisaiwalenso kuti mkangano wa nduna wa 1964 unachotsa m'boma atsogoleri odziwika a kumpoto ndi kumwera monga Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Yatuta Chisiza ndi Henry Masauko Chipembere. Kuchokera apo mphamvu za Banda zinatsamira kwambiri pa mafumu ndi akuluakulu a chipani a m'chigawo chapakati. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Ntchito zina zikuluzikulu zinalipo, ku Chigwa cha Shire ndi ku Karonga ndi ndalama za banki yomweyo, ku Salima ndi ndalama za West Germany, koma yaikulu pa zonse inali ya ku Lilongwe. Nthaka ya kumeneko ndi yachonde, n'zoona; koma ndale nazo sizinali kutali.

Mtima wa ntchito yonseyi unali ngongole. Mlimi ankapatsidwa mbewu ya chimanga cha haibulidi ndi matumba a feteleza mvula isanagwe, n'kudzabweza akakolola. Poyamba ankakongoza munthu payekha, kenako m'magulu omwe anadzakhala makalabu a alimi. Kabwezedwe kake kankapitirira 90 peresenti chaka ndi chaka, chinthu chomwe chinkadabwitsa obwereketsa ndalama chifukwa m'maiko ambiri ngongole za alimi zinkangolowa m'madzi. Chinsinsi chake sichinali chobisika kwa anthu a m'midzi. Mmodzi akalephera kubweza, kalabu yonse inkamanidwa ngongole chaka chotsatira. Nanga ndani akanalola kulemba mayi wamasiye wa ekala imodzi, amene mwana akangodwala m'dzinja munda wake uthera pompo? Makalabu ankadzisefa okha, osauka n'kutsala panja popanda lamulo lililonse lowaletsa. Ndipo amene walowa n'kulephera ankaona zakuda: mbuzi, njinga, malata ngakhale chitseko zinkalandidwa, mothandizidwa ndi mantha omwe anthu anali nawo pa chipani, ayufi ndi apayoniya. Osauka ambiri ankachita kuthawa dala ngongoleyo, ndipo sankalakwitsa. Ngakhale m'zaka zomwe makalabu anachuluka m'dziko lonse, mabanja ochuluka a alimi sanalawepo ngongole ya boma.

Mlangizi naye anali munthu. Ntchito yake inkayezedwa ndi kuchuluka kwa ngongole zomwe wapereka ndi kutolera, choncho njinga yake inkaima pakhomo pa amene angabweze. Amenewo kawirikawiri anali anyakwawa ndi abale awo, apampando a chipani, obwera ku Joni ndi kandalama, ndi ena odziwa kulemba.

Nkhani ya mbewu imaonetsa bwino kuti okonza ntchitoyi ankaganizira ndani. Chimanga cha haibulidi cha nthawi imeneyo, monga SR52 yochokera ku Rhodesia, chinali chofewa. Pokonola mumtondo chinkaphwanyika, mphale yambiri n'kuthera ku madeya, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe sankachedwa nacho. Kwa mlimi wa munda waukulu amene ankalima ekala zingapo zogulitsa, kwinaku ali ndi munda wina wa chimanga cha makolo chodya pakhomo, zimenezi sizinali vuto. Kwa banja lomwe munda wake wonse ndi wa nsima, linali vuto lalikulu. Amayi amene ankagwira musi ankadziwa zimenezi kuyambira chaka choyamba, koma panalibe wowafunsa. Malipoti ankangoti alimi ndi ouma mitu, okakamira zamakolo. Mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, haibulidi sankafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a minda ya chimanga m'dziko muno. Akatswiri a ku Chitedze atatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mbewu zolimba zokonoleka bwino, alimi omwewo anazilandira ndi manja awiri.

Kusafunsa amayi kunafika mpaka pa malo. Kwa Achewa ambiri munda umayenda ndi mbumba. Mwamuna wa chikamwini amalima pa malo a kuchikazi. Koma kaundula wa ngongole ankafuna mutu wa banja, ndipo mutu wa banja m'maganizo a olemba anali bambo. Maphunziro a ulimi ankapita kwa amuna, amayi n'kumaphunzitsidwa kusoka, kuphika ndi ukhondo wa pakhomo, chonsecho khasu linali m'manja mwawo tsiku ndi tsiku ndipo pafupifupi mabanja atatu mwa khumi alionse ankayendetsedwa ndi amayi okha. Mu 1967 nyumba ya malamulo inakhazikitsa malamulo atatu a malo, kuphatikizapo Customary Land (Development) Act ndi Registered Land Act, Dr Banda akunena kuti kasungidwe ka malo ka makolo katha ntchito. Kumadzulo kwa Lilongwe ndi komwe malamulowo anayesedwa. Akatswiri oyeza malo anazungulira mudzi ndi mudzi, kuika malire ndi kulemba malo a banja lililonse lalikulu, otchedwa ndunda, m'dzina la woimira banjalo. Woimirayo nthawi zambiri ankakhala mwamuna. Chiyembekezo chinali chakuti chikalata chidzapatsa mlimi mtima wotukula malo ake ndi chikole chokatengera ngongole ku banki. Zimenezo sizinachitike kwenikweni. Anthu anapitiriza kugawana ndi kusiyirana minda monga kale, osakalembetsa ku ofesi, ndipo kalembera wa mtundu umenewu sanafalikire ku maboma ena.

Pomwe oyeza malo ankatha zaka akulemba minda ya anthu wamba, malo ankachoka m'manja mwa midzi kudzera pakhomo lina losavuta. Lamulo la Land Act la 1965 linkapatsa nduna mphamvu zopereka malo a mafumu pa lizi. Munthu wodziwika akafuna malo, mfumu inkavomera, ndipo m'masiku amenewo kukana kunkafuna mtima wa mkango. Mu 1965 Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu ku Rhodesia, maiko anayamba kusala fodya wa kumeneko, msika n'kutsegukira Malawi. Banda analimbikitsa nduna zake, aphungu, akuluakulu a chipani ndi a m'boma kuti atsegule maesiteti, iye mwini akutsogolera kudzera m'makampani a Press Farming ndi General Farming. Ku Kasungu, Mchinji, Dowa, Mzimba, Rumphi ndi Namwera nkhalango ndi minda zinasanduka maesiteti. Mu 1970 maesiteti anali pafupifupi 230. Pofika 1989 anapitirira 14,000, pa mahekitala oposa 700,000, ngakhale ambiri a kumapetoko anali ang'onoang'ono a alimi opezako bwino amene ankalembetsa minda yawo kuti apeze chilolezo cha fodya.

Chilolezocho ndiye chinali mpanda weniweni pakati pa magulu awiri a alimi. Potsatira lamulo la Special Crops Act, fodya wa ndalama, wa burley ndi wa flue, ankaloledwa pa esiteti, ndipo mwini esiteti ankakagulitsa yekha ku okushoni pa mtengo wa msika wa dziko lonse. Mlimi wa pa malo a mfumu ankaloledwa fodya wa chikopa ndi mitundu ina yotsika, thonje, mtedza ndi chimanga, ndipo wogula wake anali mmodzi: ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971 m'malo mwa Farmers Marketing Board. ADMARC inkagula pa mtengo wotsika n'kukagulitsa pa mtengo wokwera; pa fodya, zaka zambiri mlimi sankalandira ngakhale theka la zomwe fodya wake wagulitsidwa. Phindu lalikulu lomwe bungweli linapeza m'zaka za m'ma 1970 silinabwerere kwa alimi. Linalowa mu Press Holdings, m'maesiteti ndi m'mabanki awiri, National Bank ndi Commercial Bank, amenenso ankakongoza eni maesiteti omwewo. Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen anaulula kayendedwe ka ndalamazi m'kafukufuku wawo wa 1982. Ngongole ya ku Banki Yaikulu pa Dziko Lonse inkathandiza mlimi wa ku Lilongwe kukolola zambiri, sikelo ya ADMARC n'kumatengako gawo lalikulu kukamangira maesiteti a akuluakulu. Zinali ngati kudyetsa ng'ombe yomwe mkaka wake akukama ndi wina. Ndipo ngongole ya ku banki ija obweza ake anali Amalawi onse, kuphatikizapo mayi amene kalabu inamukana.

N'zosadabwitsa tsono kuti zokolola sizinakwere monga mapulani ankanenera. Chimanga chinakwera pang'ono, makamaka kwa otenga ngongole, ndipo mtedza wa Chalimbana, womwe unali chuma cha amayi a ku Lilongwe, unayamba kutsika. Munthu amawerengera thukuta lake. Mtengo ukakhala wosakoma, amalima zongodya, kapena amachoka. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankachokera ku migodi, ndipo Banda analetsa kulemba anthu opita ku Joni. Amuna oposa 100,000 anabwerera kumudzi m'zaka ziwiri zotsatira, nthawi yomwe maesiteti ankafuna manja ambiri. Mabanja ochokera ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi madera ena opanikizika malo ankakwezedwa m'malole kukakhala matenanti, kulima burley yemweyo amene lamulo linkawaletsa kulima pa munda wawo. Tenanti ankatenga chakudya ndi feteleza pa ngongole kwa bwana, n'kugulitsa fodya kwa bwana yemweyo pa mtengo woikidwa, ndipo ambiri ankatha chaka ali chimanjamanja.

Kodi obwereketsa ndalama sankaona? Akatswiri awo ena ankaona ndipo analemba za mitengo ya ADMARC. Koma mgwirizano wa pulojekiti unkakamba za misewu, mijigo, matani a feteleza ndi chiwerengero cha alangizi. Za mtengo, za chilolezo cha fodya, za lizi, zonsezo zinkatengedwa ngati nkhani za boma, zosayenera mlendo kulowerera. Inenso sindikhulupirira kuti mlendo azilamula dziko la eni; chomwe chimandipweteka n'chakuti kukhala chete kumeneko kunali kusankha mbali. Inali nthawi ya mkangano wa maiko a azungu a kumadzulo ndi Soviet Union. Tanzania inali pa ujamaa, ku Mozambique kunali nkhondo kenako boma la Frelimo, pomwe Malawi anali paubwenzi ndi South Africa, Taiwan ndi Israel, chuma chake chikukula ndi 5 peresenti kapena kuposera apo pachaka. Mu 1973 ku Nairobi, Robert McNamara, mkulu wa bankiyo, analengeza kuti ndalama zake zilunjika kwa alimi osauka a kumidzi, ndipo banki inkafuna zitsanzo zoonetsa kuti njirayo ikutheka. Lilongwe inali chitsanzo chokonzeka kale. M'dzikomo munalibe nyuzipepala kapena phungu woti n'kufunsa mafunso. Kunena poyera kuti kumudzi kuli njala kunali kuika moyo pachiswe. Chonsecho kalembera wa zaulimi wa 1980/81 anapeza kuti mabanja 55 mwa 100 alionse ankalima malo osakwana hekitala imodzi, ndipo pafupifupi theka la ana aang'ono a kumidzi anali opinimbira.

Ntchito zinayi zikuluzikulu zija zinkafikira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a alimi a m'dziko muno, pa mtengo womwe boma silikanakwanitsa kwina konse. Mu 1978 kunayamba National Rural Development Programme, yomwe inagawa dziko m'zigawo zaulimi zisanu ndi zitatu, ma ADD amene tikuwadziwa lero. Zomangamanga zinachepa, koma njira ya kalabu, mlangizi ndi ngongole inakhala yomweyo. Kenako mphepo inatembenuka. Mitengo ya mafuta inakwera, ya fodya inagwa, maesiteti ambiri analephera kubweza ngongole, nkhondo ya ku Mozambique inayamba kusokoneza njanji ya ku Beira, ndipo mu 1981 Malawi anatenga ngongole yake yoyamba yokonzanso chuma. Banki yomwe kale inkati mitengo ndi nkhani ya boma tsopano inkalamula mitengo, kuchotsa sabuside ya feteleza ndi kuchepetsa mphamvu za ADMARC. Mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu, misika ina ya ADMARC ya kumidzi n'kutsekedwa. Apanso mudzi unagawanika. Kukwera kwa mtengo wa chimanga kunakomera wogulitsa; kwa mabanja ochuluka amene nkhokwe zawo zimatha Khirisimasi isanafike, amene ndi ogula osati ogulitsa, kunatanthauza masiku ochuluka a ganyu pa ndowa imodzi yomweyo, ndiponso ulendo wautali kukafuna chimanga komwe msika watsala.

Ngongole za makalabu, zomwe kuyambira 1988 zinkayendetsedwa ndi bungwe la SACA, zinagwa pamodzi ndi ulamuliro womwe unkazichirikiza. Chilala cha 1991/92 chinawononga mbewu, kalata ya maepiskopi a Katolika ya Malichi 1992 inatsegula pakamwa pa anthu, maiko othandiza anaimitsa thandizo lina mu Meyi chaka chomwecho, ndipo pa nthawi ya riferendamu ya 1993 mantha anali atatha. Obweza sanafike ngakhale theka, SACA n'kutheratu. Kabwezedwe ka 90 peresenti kaja kanaoneka pomwe kanatsamira.

Mpanda wa burley unayamba kugumulidwa mu 1990, mokakamizidwa ndi banki ija pamodzi ndi USAID, ndipo zaka khumi zisanathe alimi a m'midzi ndiwo ankalima gawo lalikulu la burley wa dziko lino. Ndalama zinalowadi m'midzi ya ku Lilongwe, Kasungu ndi Dowa. Nyumba za malata ndi njinga zinachuluka, ndipo makalabu a fodya amenewo ndiwo anabala NASFAM mu 1997. Koma burley amafuna malo otsala pa chimanga, mitengo ndi udzu wa chigafa, feteleza wambiri ndi manja ambiri. Olima anali mabanja ochepa poyerekeza ndi onse; enawo anapeza ganyu yothyola ndi kusoka fodya wa anzawo.

Thandizo loyamba lomwe linafika pa khomo lililonse popanda kufunsa kalabu, chikole kapena kukula kwa munda linali Starter Pack ya 1998, yothandizidwa kwambiri ndi boma la Britain: makilogalamu 2 a mbewu ya chimanga, makilogalamu 15 a feteleza ndi kambewu ka mtundu wa nyemba, zokwanira kachigawo ka munda, kwa mabanja pafupifupi 2.8 miliyoni. Mvula inagwanso bwino, ndipo dziko linakolola chimanga chochuluka zaka ziwiri zotsatizana. Othandiza ena anati njirayo ndi yodula ndipo ikusokoneza msika. Mu 2000 olandira anachepetsedwa kufika pa 1.5 miliyoni, chaka chotsatira pa 1 miliyoni, ntchito yosankha osauka n'kusiyidwa m'manja mwa anyakwawa ndi makomiti a m'midzi. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, mvula inavuta, ndipo kumayambiriro kwa 2002 anthu anafa ndi njala, kuphatikizapo m'maboma a chigawo chapakati monga Kasungu, Salima ndi Lilongwe.